Musawanyoze Ochemerera a M'kompyuta, Anatengera Ife

Usiku wina wa mwezi wathawu, pa nthawi imene magetsi amakonda kutikumbukira kuno ku Highfield, anthu onse atagona kale, ndinadzidzimutsidwa ndi mfuu ya mwana wa mlongo wanga pabalaza. Ndinatuluka mtima uli m'mwamba poganiza kuti mbala zalowa. Ndinamupeza ali yekha, manja ali kumutu, maso ali pa kompyuta yake yakale ija imene batire yake inafa kalekale. Anali pa gemu ya Football Manager, momwe munthu sathamanga ndi mpira koma amakhala mphunzitsi: amagula ndi kugulitsa osewera, amasankha 11 oyamba, amayankha atolankhani, ndipo amadikira kuti akuluakulu a timu amuyamikire kapena amuchotse ntchito. Mnyamatayu anali atatenga Dynamos n'kuipatsa chikho cha ligi zaka ziwiri zotsatizana. M'chaka chachitatu timu inali pa nambala 3, itafanana mphamvu ndi anzake katatu motsatizana, ndipo uthenga unali utangofika wakuti ochemerera ataya naye chikhulupiriro.

"Amalume," anatero, "gemu iyi ndi yabodza. Ndi ochemerera ati padziko lapansi amene angatembenukire mphunzitsi woti wawapatsa zikho ziwiri?"

Ndinakhala pansi n'kuseka mpaka misozi, iye n'kumandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Mwanayu anabadwira pano, amadutsa pa bwalo la Gwanzura tsiku lililonse popita ku Machipisa, koma anandifunsa funso limene mlendo wochokera ku mwezi yekha ndiye akanafunsa.

Dandaulo lake si lake yekha. Ndalimva kwa anyamata a pa Machipisa, ndipo ndikudziwa kuti inu a ku Lilongwe, ku Chipata ndi ku Tete mwalimvanso kwa ana anu. Akuti ochemerera a m'gemuyi alibe nzeru: ukagulitsa wosewera wokalamba pa mtengo wabwino amalira, ukapambana 1-0 amati mpira wako ndi wosasangalatsa, ukagonja kamodzi kwa mdani wa pakhomo amaiwala zabwino zonse za chaka chathunthu. Akufuna opanga gemuyi akonze zimenezi, ochemererawo akhale oganiza, odziwa kuwerenga ndalama za timu, oleza mtima. Ine ndikukana. Gemuyi ili ndi mabodza ake, ndipo ndiwatchula, koma kusayamika kwa ochemerera si limodzi mwa mabodzawo. Pamenepo mpamene opanga ake anajambula nkhope yathu osaphonya ngakhale chipsera.

Kwa amene simunaionepo, gemuyi inayamba ndi abale awiri a ku England, Paul ndi Oliver Collyer, amene anatulutsa Championship Manager mu 1992. Kampani yawo, Sports Interactive ya ku London, inayamba kugwiritsa dzina la Football Manager mu 2004. M'gemu imene inatuluka kumapeto kwa 2022 anawonjezera chinthu chimene chikuwawa anyamata athuchi: ochemerera a timu iliyonse anagawidwa m'magulu 6, kuyambira ouma mtima amene amafera timu, a masiku onse, obwera ndi mabanja, obwera pokhapokha zinthu zikamayenda bwino, amalonda okhala m'zipinda zapamwamba, mpaka ongodutsa. Gulu lililonse lili ndi zofuna zake, ndipo mphunzitsi amapimidwa ndi zofunazo. Ligi ya Zimbabwe ndi ya Malawi sizinali m'gulu la maligi amene kampaniyi imakonza kuti munthu aseweremo. Kwa zaka zambiri ya South Africa yokha ndiyo inkaimira Africa yense. Anyamata athu amachita kutsitsa pa intaneti mafayilo opangidwa ndi okonda gemu anzawo kuti aone Dynamos kapena Bullets. Tsono ochemerera amene anakwiyira mwana wa mlongo wanga sanapangidwe ndi munthu amene anapondapo ku Rufaro. Chodabwitsa n'chakuti anafanana nafe chonchobe.

Ndiyambe ndi kuulula kuti ine ndine wa CAPS United, monga analili bambo anga amene anachoka ku Dedza m'masiku a Chitaganya kudzagwira ntchito m'mafakitale a ku Southerton. Choncho a Dynamos mukhoza kunena kuti ndikulankhula ndi nsanje. Nenani, koma zaka ndi manambala sizichita nsanje.

Kalisto Pasuwa anapatsa Dynamos chikho cha ligi mu 2011, 2012, 2013 ndi 2014. Zikho zinayi motsatizana. Zitatu zoyambazo zinabwera movutikira, pa kusiyana kwa zigoli, timu itafanana mapointi ndi otsatira ake, ndipo munthu woganiza akanati mphunzitsi amene amadziwa kuwoloka mtsinje wosefukira katatu konse ndi wofunika kumusunga ngati mbewu. Nanga ife amene tinali m'makombi ndi m'malo omwera a mzinda uno m'zaka zimenezo tinkamva chiyani? Tinkamva kuti mpira wake ndi wouma, kuti amapambana mwamwayi, kuti ku mipikisano ya mu Africa timu sikufika patali monga inachitira mu 1998, pamene Sunday Chidzambwa anaifikitsa mu ndime yomaliza n'kugonja kwa ASEC Mimosas ya ku Ivory Coast. Chikho chachinayi chitangolowa m'kabati, Pasuwa anachoka ku Dynamos. Kuyambira 2015 mpaka 2024 chikho cha ligi chinapita ku Chicken Inn, ku CAPS United, ku FC Platinum kanayi, ku Ngezi Platinum ndi ku Simba Bhora. Ku Dynamos sichinabwerere ngakhale kamodzi m'zaka khumi zonsezo.

Inu a ku Malawi mukudziwa kumene munthuyu anakathera, poti munamulandira ndinu. Anafika ku Bullets mu 2018, ndipo Maule anatenga ligi chaka ndi chaka mpaka 2023, chaka chimene anasesa zikho zinayi. Mu 2024 ligi itapita ku Silver Strikers, kodi ku Ndirande kunalibe amene anayamba kung'ung'udza kuti nzeru za mkuluyu zatha? Yankhani nokha, ndinu munali kumeneko. Mwana wa mlongo wanga akudandaula kuti anamutembenukira atapereka zikho ziwiri. Pasuwa anapereka zinayi kuno, n'kukaperekanso mulu wina ku Blantyre, ndipo konse kuwiri anamva mawu omwewo.

Nambala 3 imene inamuliza mnyamatayu nayonso ili ndi mwini wake. Tonderai Ndiraya anamaliza pa nambala 3 ndi Dynamos mu 2022, ndipo ntchito inathera pomwepo. Patangotha zaka ziwiri anatenga chikho cha ligi ndi Simba Bhora, timu ya ku Shamva imene ambiri a ife tinali tisanaimvepo zaka zochepa m'mbuyomo. Kompyuta ikanalemba nkhani yotere, anyamata akanati yawonjeza.

Mudzati amene amachotsa aphunzitsi ndi akuluakulu a timu, osati ochemerera. N'zoona. Koma akuluakulu amatchera khutu ku bwalo asanasaine kalata, ndipo amadziwa kuti mphunzitsi ndi nyama imene khamu silidzaililira nthawi yaitali. Ndani wa ife anayendapo ulendo wa pansi kukafunsa chifukwa chimene mphunzitsi wopambana wachokera? Timadandaula masiku atatu, kenako timayamba kufunsa dzina la wobwera.

Tsono bodza la gemuyi lili pati? Lili pakuti wochemerera wa m'kompyuta ndi wosavuta kumumvetsa. Ukapambana amakondwa, ukagonja amakwiya, ndipo mtima wake ndi kamzere kamene kamakwera ndi kutsika. Wochemerera weniweni sali choncho, ndipo umboni wake unachitikira pa Gwanzura pompano. Tsiku lomaliza la ligi ya 2014, ZPC Kariba, timu imene inali itangolowa kumene mu ligi yaikulu, inali pamwamba ndipo inkangofunika kupewa kugonja kuti itenge chikho. Inakumana ndi CAPS United. Ife a CAPS tinkadziwa bwino lomwe kuti tikapambana, chikho tikuchipereka m'manja mwa Dynamos, mdani wathu wa kuyambira kalekale. Tinapambana 3-2. Dynamos inapambananso masewero ake n'kukhala akatswiri. Ndiuzeni, kodi kamzere kaja kakanaloza kuti madzulo a tsiku limenelo? Panali a CAPS amene anatuluka m'bwalo akuimba chifukwa timu yawo inakana kugulitsa ulemu wake. Panalinso ena amene anatuluka nkhope zili zolimba, akutukwana osewera awo omwe chifukwa chogoletsa. Ena, ndipo ine ndinali mmodzi mwa iwo, tinachita zonse ziwiri tisanafike pa Machipisa. Timu yapambana, ochemerera akwiya ndi kupambanako, ndipo akanakwiyanso ikanagonja. Anyamata akanaona zimenezi m'gemu akanalemba kalata ku London kuti makina awonongeka.

Palinso china chimene magulu 6 aja sangachikwanitse, chimene ife ana a anthu obwera timachidziwa m'mafupa. Pa 14 January 2022, ku Bafoussam m'dziko la Cameroon, Malawi inakumana ndi Zimbabwe mu mpikisano wa mayiko a mu Africa. Zimbabwe inayamba kugoletsa, ndipo nyumba yathu inagwedezeka ndi chimwemwe. Gabadinho Mhango atabweza, nyumba yomweyo inagwedezekanso, ndipo anthu ena amene anadumpha poyamba ndi omwewo amene anadumpha kachiwiri. Atamwetsa chachiwiri, Malawi n'kupambana 2-1, mayi anga okalamba analulutira, adzukulu awo akulira. Ndi anthu omwewa amene mu 2005 tinayenda chifuwa chili patsogolo pamene Joseph Kamwendo, mwana wa ku Malawi wovala yunifolomu yobiriwira ya CAPS, anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu Zimbabwe. Kwa anthu amene tinakula tikutchedwa mayina onyoza chifukwa cha kumene makolo athu anachokera, chaka chimenecho mpira unatilipirira ngongole imene ndale zinalephera kulipira. Wochemerera wa m'kompyuta alibe agogo, alibe kwawo kwachiwiri, ndipo palibe amene anamunyozapo pa mzere wa chitupa.

Alibenso thupi. Salipira kombi, sadumpha chakudya chamasana kuti apeze ya pakhomo, sapsa ndi dzuwa kwa maola atatu pa simenti. Akakwiya, mkwiyo wake umafika ngati uthenga waulemu m'bokosi la makalata la mphunzitsi, ndipo palibe amene amavulala. Wathu mkwiyo uli ndi manja. Pa 9 July 2000, pa National Sports Stadium, South Africa itamwetsa chigoli chachiwiri, ochemerera anayamba kuponya mabotolo m'bwalo, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, ndipo anthu 13 anafera pa mpanipani wothawira ku zipata. Mu September 2023 masewero a Highlanders ndi Dynamos ku Barbourfields, ku Bulawayo, analekezedwa panjira chifukwa khamu linalowa m'bwalo. Ngati pali chifukwa chonenera kuti ochemerera a m'gemu si enieni, ndi chakuti ndi ofatsa mopitirira muyeso. Anyamata akudandaula kuti analumidwa ndi galu wa pachithunzi.

Apa ndipo pali nkhani imene yandichititsa kulemba zonsezi, chifukwa kukangana za gemu pakokha sikukanandidzutsa pa mpando. M'gemu, mkwiyo wa ochemerera umagwera mphunzitsi pafupifupi wonse, ndipo chifukwa chake n'chomveka: mphunzitsiyo ndiye wagula gemu, ndiye ayenera kumva kutentha. Bwalo limakhalapo nthawi zonse, udzu wake ndi wobiriwira, malipiro a osewera amatuluka pa tsiku lake, basi ya timu sifera panjira. Zonse zikakhala m'malo mwake chotero, timu ikagonja wolakwa ndi mphunzitsi basi. Ifeyo tatengera kaganizidwe komweko pamene kwathu kuno palibe ngakhale chimodzi mwa zimenezi chili m'malo mwake.

Taonani. Mu 2020 bungwe la CAF linaletsa mabwalo a dziko lino kuchititsa masewero a mayiko, ndipo m'zaka zapitazi ma Warriors akhala akulandirira alendo awo m'mayiko a eni, monga ku Rwanda ndi ku South Africa, masewero a pakhomo opanda pakhomo. Kuyambira February 2022 mpaka July 2023 FIFA inaimitsa Zimbabwe pa mpira wa mayiko chifukwa cha mkangano wa boma ndi bungwe loyendetsa mpira, ndipo anyamata a msinkhu wabwino anataya chaka ndi theka cha moyo wawo wa mpira, moyo umene ndi waufupi kale. Rufaro ya ku Mbare inatsekedwa kwa zaka. Gwanzura yathuyi, imene inamangidwa m'masiku a atsamunda kuti anthu akuda akhale ndi pochitira masewero awo, kufupi ndi Zimbabwe Grounds pamene khamu linalandirira atsogoleri ochokera ku nkhondo mu 1980, inakhala zaka zambiri osalandira masewero a ligi yaikulu, udzu ukumera pamene tinkakhala. Nkhani za osewera okana kuchita zokonzekera chifukwa sanalipidwe timaziwerenga m'nyuzipepala nyengo iliyonse mpaka tinasiya kudabwa nazo. Pa zonsezi, ndi liti pamene tinakwiya ndi mkwiyo umene timakwiyira mphunzitsi akasintha wosewera molakwika pa mphindi ya 70?

Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Oyendetsa mpira, a m'makomiti ndi a m'makhonsolo anakhala pa mkhate, ndipo ife poopa kuswa mkhatewo, kapena poona kuti uli patali, timatembenukira amene ali pafupi: mphunzitsi amene waima pa mzere dzuwa likumuwotcha, woyimbira, goloboyi wa zaka 20 amene mwina sanalandire malipiro miyezi iwiri. Botolo limafika pa benchi. Ku chipinda cha akuluakulu silifika.

N'chifukwa chake pempho la anyamata, lakuti ochemerera a m'gemu akhale oganiza ndi oleza mtima, silikundigwira mtima. Choyamba, akupempha kuti awanamize. Mnyamata amene akulota zodzakhala mphunzitsi, ndipo alipo ambiri kuno amene akuphunzitsa ana pa mabwalo a fumbi a Zimbabwe Grounds Loweruka m'mawa, ndi bwino adziwiretu ali pa kompyuta kuti zikho ziwiri sizigula chaka chachitatu. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chachikulu, wochemerera amene akumufunayo, wowerenga mabuku a ndalama n'kugwedeza mutu kuti zonse zili bwino, ndi yemwe akuluakulu a mpira akhala akumulakalaka kuyambira kale. Wochemerera woleza mtima ndi amene anaona Gwanzura ikugwa chaka ndi chaka osanena kanthu. Kuleza mtima tili nako kochuluka, ndipo tinakuika pamalo polakwika. Pa mphunzitsi tilibe ngakhale kwa masabata atatu. Pa bwalo lotsekedwa tili nako kwa zaka khumi.

Sindikunena kuti aphunzitsi ndi angelo. Alipo amene anayenera kuchotsedwa, ndipo ena ndinawakuwiza ndine ndi pakamwa pangapa. Sindikunenanso kuti wochemerera azikhala chete ngati ali m'tchalitchi; mpira wopanda phokoso tinauona m'masiku a mliri wa Covid-19, ndipo unali ngati maliro opanda olira. Chimene ndikukana ndi kudzinamiza kwakuti ife ndife anzeru ndipo makina ndiwo opusa. Mu 2016 Lloyd Chitembwe anatipatsa ife a CAPS chikho cha ligi patapita zaka 11, ndipo mu 2017 anatulutsa TP Mazembe ya ku Lubumbashi mu mpikisano wa akatswiri a mu Africa, chinthu chimene ngakhale m'maloto sitinkachiyembekezera. Ndikukumbukira bwino kuti chaka chomwecho chisanathe, timu itayamba kutsalira mu ligi ya pakhomo chifukwa cha maulendo ndi kutopa, ine amene ndikulemba pano ndinaima pa malo okwerera kombi n'kuuza anzanga kuti munthuyu watha nzeru. Palibe kompyuta imene inandiuza kuti ndinene zimenezo. Anyani sasekana zikundu.

Kwa opanga gemuyi, ngati mawu a Chichewa angafike ku London, pempho langa ndi losiyana ndi la anyamata. Ochemererawo musawafewetse. Koma ngati mukufuna kuti mpira wa kuno ukhale weniweni, ikanimo sabata imene osewera akana kuvala nsapato chifukwa sanalipidwe, ikanimo kalata yakuti bwalo lanu lalephera mayeso ndipo masewero a pakhomo mukachitira mtunda wa makilomita mazana, ikanimo wothandiza timu amene wachoka pakati pa chaka, ndipo pambuyo pa zonsezo ochemerera akwiyirebe mphunzitsi. Pamenepo mwana wa mlongo wanga sadzatinso gemu ndi yabodza. Adzangoizimitsa n'kupita kukagona.

Usiku ujawu sanagone. Anasewerabe masewero ena anayi, anapambana awiri, ndipo akuluakulu a timu ya m'kompyuta anamuitana n'kumuchotsa ntchito tambala woyamba asanalire. M'mawa ndinamupeza wayambanso kuchokera pachiyambi, ulendo uno ndi Bullets, akuti ochemerera a ku Blantyre mwina ndi omvetsa. Sindinamuyankhe. Ndinatenga chipewa changa kupita ku Machipisa, ndipo podutsa pa Gwanzura ndinasuzumira pa mpata wa chipata, monga ndimachitira nthawi zonse, kuti ndione ngati mbali imene bambo anga ankakonda kukhala idakalipo.